Khungwa la birch, mabwato ndi nkhondo za a Abenaki: mafunso ndi mayankho

Mafunso oyambirira ndi okhudza luso la khungwa, otsatirawo ndi a nkhondo za m'nthawi ya atsamunda. Ndi bwino kuwerenga mwandondomeko, chifukwa munthu sangamvetse mmene a Abenaki anamenyera nkhondo asanadziwe mmene ankayendera.

Kodi a Abenaki ndi ndani, nanga kwawo ndi kuti?

Ndi ena mwa eni nthaka a kumpoto chakum'mawa kwa North America. Dziko lawo, limene eni akewo amalitcha Ndakinna, linkayambira ku nyanja ya Champlain, kudutsa madera amene lero ndi Vermont ndi New Hampshire, mpaka ku Maine ndi kumwera kwa Quebec. Analibe mfumu imodzi yolamulira onse. Ankakhala m'magulu a mabanja, gulu lililonse ndi mtsinje wake: a ku Missisquoi, a Sokoki ndi a Cowasuck m'mbali mwa Connecticut, a Pennacook ku Merrimack, a Pequawket ku Saco, a ku Norridgewock pa Kennebec. Iwowa pamodzi ndi a Penobscot, a Passamaquoddy, a Maliseet ndi a Mi'kmaq amatchedwa a Wabanaki.

Ankalima chimanga, nyemba ndi maungu m'madimba a m'mbali mwa mitsinje, koma sankakhala pamodzimodzi chaka chonse. Nsomba zikamakwera mitsinje, anthu ankasonkhana pa mathithi. Akakolola, mabanja ankamwazikana kupita kunkhalango kukasaka. Banja lopanda bwato silikanatha kukhala moyo umenewu.

Mtengo wa birch ndi wotani, ndipo khungwa lake lili ndi chiyani chapadera?

Ndi mtengo wa kumadera ozizira, wa thunthu lowongoka ndi loyera, umene akatswiri a zomera amautcha Betula papyrifera. Khungwa lake lakunja ndi loyalana ngati mapepala ambiri omatana, ndipo lili ndi mafuta achilengedwe amene amakaniza madzi ndi kuwola. Mtengo ukagwa m'nkhalango, mkati mwake mumatha kufumbwa n'kutha, khungwa lokha n'kutsala lili gwa ngati paipi. Likatenthedwa pang'ono limafewa n'kupindika, ndipo limayaka ngakhale litanyowa.

Si mtengo uliwonse umene umapereka khungwa la bwato. Mmisiri amadula kachidutswa n'kukapinda uku ndi uku. Kakasweka kapena kakayamba kusendeka m'magawomagawo, mtengowo amausiya. Amayang'ananso timizere takuda topingasa timene timakhala pakhungwapo: tikakhala tatitali ndi tothithikana, khungwalo lidzang'ambikira pomwepo.

Amasenda liti? Kodi mtengowo sufa?

Pali khungwa la mitundu iwiri. La nyengo yotentha, cha mu Juni ndi Julayi, limasendeka mosavuta: ukangocheka mzere umodzi kuchokera kumwamba kutsika pansi, limatomoka lokha. La nyengo yozizira ndi lovuta kuchotsa, mwina mpaka kulithira madzi otentha, koma limachoka ndi kansalu kofiirira kumbali ya mkati. Kansalu kameneka ndiye kofunika pa zojambula, monga tifotokozera kutsogoloku pa funso la zinthu zina zopangidwa ndi khungwa.

Wosenda akachotsa khungwa lakunja lokha osavulaza lamkati, mtengo umakhala ndi moyo, kungoti umatsala ndi chipsera chakuda. Mpeni ukalowa kwambiri, mtengo umauma. Pofuna khungwa lalitali la bwato, nthawi zambiri ankachita kuugwetsa mtengowo.

Bwato la khungwa amalipanga bwanji?

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti amayamba ndi khungwa, nthiti zimabwera pomaliza. Mmisiri amasalaza malo pamthunzi, n'kuyala khungwa mbali yoyera ili kumwamba, chifukwa mbali imeneyo ndiyo imakhala mkati mwa bwato. Pakati pake amaikapo chimango chokhala ngati tsamba lalitali n'kuchitsendereza ndi miyala. Kenaka amathira madzi otentha, kucheka khungwa m'mbali mwa apo ndi apo kuti lisachite makwinya, n'kulipindira m'mwamba. Zikhomo zokhomedwa pansi mozungulira ndizo zimaligwira. Khungwa likaperewera m'lifupi, amalumikiza zidutswa zina m'mbalimo.

Msomali palibe. Zonse amasoka ndi mizu ya mtengo wa spruce, imene amaifukula m'malo a chinyontho, kuing'amba pakati, kuipala n'kuiviika m'madzi kuti ifewe. Ndi mizu imeneyi amamangirira mitanda ya m'milomo ya bwato, akuboola ndi chisongole bowo lililonse. Kusoka ndi kumata kawirikawiri inali ntchito ya amayi, abambo ali pa matabwa.

Matabwawo ndi a cedar woyera, mtengo wa m'banja la mkungudza, wopepuka ndi wosavuta kung'amba. Sacheka ndi sowo ayi. Amaung'amba motsata mitsempha yake, n'kuupala ndi mpeni wokhota umene munthu amakokera kwa iye mwini. Timatabwa topyapyala amatiyala mkati mwa khungwa m'litali mwake, osatimata kapena kutisoka. Nthiti amaziviika, kuzithira madzi owira, n'kuzipinda pabondo ziwiriziwiri. Zikauma amazidula motalikirako pang'ono, kuzilowetsa mopendeka pansi pa milomo ya bwato, kenaka kuzigogoda ndi chibonga mpaka zitaima chilili. Pamenepa ndiye pagona luso lonse. Nthiti iliyonse ikamalowa, khungwa limakungika. Ikatalika kwambiri khungwa limang'ambika, ikafupika bwato limakhala lolobodoka. Mmisiri amagogoda pang'ono, kuthira madzi otentha, kudikira, n'kugogodanso.

Pomaliza amamata misoko ndi utomoni wa spruce wophikidwa ndi mafuta a nyama. Mafuta akachepa, utomoni umasweka m'madzi ozizira. Akachuluka, umasungunuka padzuwa.

Silibooka msanga? Lingafanane ndi bwato logoba?

Limabooka ndithu, n'chifukwa chake sankalikokera pamiyala. Munthu ankakwera bwato lili pamadzi, n'kugwada pansi popalasa. Koma kukonza kwake n'kwa pompopompo: madzulo ankalivundikira, kuyamwa m'misoko ndi pakamwa kuti amve polowa mpweya, n'kusungunula utomoni ndi chikuni chamoto, kuusalaza ndi chala chonyowa. Khungwa, mizu ndi utomoni zinkapezeka m'njira momwemo.

Amene anakankhapo bwato logoba pagombe la nyanja ya Malawi akudziwa kulemera kwake. Limenelo ndi lolimba, koma ndi la nyanja imodzi. La khungwa la mamita 5 munthu mmodzi amalisenza pamutu n'kuwoloka nalo mtunda kukalowa mumtsinje wina. A Abenaki mabwato ogoba anali nawonso, owasiya pa nyanja zimene ankabwererako chaka ndi chaka, koma a paulendo anali a khungwa.

Kupatula mabwato, ankapanganso chiyani?

Ankafolera nalo nyumba, ndipo posamuka ankakulunga makungwawo n'kunyamula, mitengo yokha n'kuisiya. Ankapinda zotengera zosadontha zotungira madzi otsekemera a mitengo ya maple, zosungira shuga wake, zipatso ndi mbewu. Alenje ankapanga lipenga loitanira moose, nyama yaikulu ya nyanga zotambalala. Asodzi ankayatsa miuni ya khungwa pobaya nsomba usiku. Apaulendo ankalemba mapu ndi mauthenga pakhungwa n'kusiya pa ndodo pomwe njira zagawikana, kuti obwera m'mbuyo adziwe kumene anzawo alowera.

Zojambula amapanga pa khungwa la nyengo yozizira. Amanyowetsa kansalu kofiirira kaja n'kukapala ndi mpeni, kuti khungwa lowala la pansi lionekere. Chojambula chodziwika kwambiri cha a Wabanaki ndi mizere iwiri yopindikira mkati moyang'anizana, ngati mphukira.

Azungu oyamba kufika anawaona bwanji mabwato amenewa?

Anachita nawo kaso. Mu 1603 mmalinyero wa Chingerezi Martin Pring anatenga limodzi ku gombe la New England n'kupita nalo ku Bristol. Linali la mamita pafupifupi 5, lolemera makilogalamu osapitirira 27, koma lotha kunyamula amuna 9. Anthu a George Weymouth, amene anafika ku Maine mu 1605, analemba kuti mabwatowa ankapitirira maboti awo opalasa. Weymouth yemweyo anaba amuna 5 a Wabanaki n'kupita nawo ku England. Kuyambira pachiyambi, kusirira luso la anthuwa ndi kupeputsa moyo wawo zinkayendera limodzi.

Afalansa, amene anakhazikika ku Quebec mu 1608, anaphunzira msanga kuyenda pa bwato la khungwa, ndipo malonda awo onse a zikopa za beaver, kanyama ka m'madzi ka ubweya wofewa, anadalira limeneli. Angerezi ambiri ankafuna minda, choncho maso awo anali pa nthaka.

Nkhondo zinayamba bwanji?

Mliri wa 1616 mpaka 1619 unapululutsa midzi ya m'gombe, ndipo nthomba inabweranso m'ma 1630. Angerezi anadzaza malo otsalawo. Ng'ombe ndi nkhumba zawo zinkadya chimanga cha eni dziko, maukonde ndi madamu a zigayo zawo zinkatseka njira za nsomba, amalonda ankabera pa sikelo.

Mu 1675, nkhondo ya King Philip (pakati pa Angerezi ndi eni dziko a kumwera kwa New England) itabuka, Angerezi analamula a Abenaki kupereka mfuti zawo n'kuletsa kuwagulitsa wonga. Kwa anthu odalira kusaka m'nyengo yozizira, lamulo limeneli linali njala. Chaka chomwecho pa mtsinje wa Saco, amalinyero a Chingerezi anagubuduza dala bwato limene munali mkazi ndi khanda la mfumu Squando, ati pofuna kuona ngati n'zoona kuti ana a eni dziko amabadwa odziwa kusambira. Mayiyo analowa pansi pa madzi n'kumuvuula mwanayo, koma posakhalitsa anamwalira. Squando analowa nkhondo.

Mu Seputembala 1676, Richard Waldron, mkulu wa Angerezi a ku Dover, anaitanira eni dziko pafupifupi 400 ku masewera oyerekezera nkhondo, n'kuwazinga. Pafupifupi 200 anatumizidwa ku Boston, kumene ena ananyongedwa ndipo ambiri anagulitsidwa ukapolo. Anthu sanaiwale. Mu Juni 1689 amayi a Pennacook anapempha malo ogona m'nyumba za malinga za ku Dover, usiku n'kutsekulira ankhondo zitseko. Waldron anaphedwa m'nyumba mwake.

Zinalipo nkhondo zingati?

Zikuluzikulu 6, pakati pa 1675 ndi 1760. Yoyamba inatha ndi pangano la ku Casco mu 1678, limene linati banja lililonse la Angerezi lizipereka chimanga chokwana malita pafupifupi 9 pachaka ngati msonkho wa malo. Pangano limeneli likusonyeza amene anali ndi mphamvu ku Maine panthawiyo. Kenaka kunabwera ya King William kuyambira 1688, ya Queen Anne kuyambira 1702, ya Dummer ya 1722 mpaka 1725, ya King George ya 1744 mpaka 1748, ndi yomaliza imene inayamba mu 1754 n'kuthera pa kugwa kwa Montreal mu 1760.

Bwato la khungwa linathandiza bwanji pankhondo?

Mitsinje ndiyo inali misewu. Kuchokera ku mtsinje waukulu wa St. Lawrence ku Canada munthu ankatha kukwera Chaudière, kusenza bwato pamapiri, n'kutsikira mu Kennebec mpaka kunyanja yamchere. Kapena kukwera St. Francis mpaka ku nyanja ya Memphremagog, kudzera Nulhegan, n'kulowa mu Connecticut. Kapena kudzera Richelieu ndi nyanja ya Champlain. Kagulu ka amuna ochepa kankabisa mabwato m'tchire, kuyenda pansi tsiku limodzi kapena awiri, kuthira nkhondo m'mbandakucha, n'kubwerera asilikali a m'tauni asanasonkhane. Pamadzi sipatsala mapazi.

Komabe ntchito yaikulu ya bwato inali kupulumutsa mabanja. Asilikali a Chingerezi kawirikawiri ankapeza midzi yopanda anthu, n'kungotentha nyumba ndi chimanga. Anthuwo anali atakwera mtsinje kupita ku Odanak kapena ku Wôlinak, midzi ya mishoni ya ku Canada, ndipo zinthu zikazizira ambiri ankabwerera kwawo. Angerezi ankalemba kuti dera lasiyidwa, n'kuligawa. Eni ake ankaona kuti angochokapo kaye, monga ankachitira chaka chilichonse.

Angerezi anayesa maboti osakira anamgumi, amene ankathandiza m'gombe ndi m'mitsinje ikuluikulu koma osati pa mathithi. Ngakhale mu 1775, Benedict Arnold, mkulu wa asilikali a America amene ankakathira nkhondo Quebec, atatsata njira ya Kennebec ndi Chaudière ndi maboti a matabwa aawisi pafupifupi 200, anavutika koopsa: mwa amuna 1,100 amene ananyamuka, amene anafika ku St. Lawrence anali pafupifupi 600.

Nanga mitsinje ikaundana?

Mabwato ankasungidwa, anthu n'kuvala nsapato zotambalala zoluka ndi zingwe zachikopa zoyendera pa sinowo. Ndi mmene Afalansa pafupifupi 50 ndi eni dziko oposa 200, a Abenaki, a Mohawk a ku Kahnawake ndi a Huron, anafikira ku Deerfield, mudzi wa Angerezi ku Massachusetts, pa 29 Febuluwale 1704. Anapha anthu pafupifupi 50 n'kutenga oposa 100 ulendo wa makilomita pafupifupi 480 kupita ku Canada.

Kodi a Abenaki sankangotumidwa ndi Afalansa?

Ayi, ndipo maganizo amenewa ndi olakwika kwambiri pa nkhani yonseyi. N'zoona kuti Afalansa ankapereka wonga ndi mfuti, kuti ansembe a Chijezuiti ankakhala m'midzi yawo, ndiponso kuti akuluakulu a ku Quebec ankawafuna ngati mpanda wotchinga Canada. Koma onani nkhondo ya 1722 mpaka 1725: France ndi Britain anali pamtendere, a Abenaki n'kumenya okha. Chifukwa chake chinali malinga ndi midzi yatsopano ya Angerezi m'munsi mwa Kennebec. Pa pangano la ku Utrecht mu 1713 mfumu ya France inapereka Acadia, dera la m'gombe la kum'mawa kwa Canada, kwa Britain osawafunsa, ndipo atsogoleri a Wabanaki anauza Angerezi poyera kuti Mfalansa sangapereke dziko limene si lake.

Angerezi ankaloza chala wansembe Sébastien Rale wa ku Norridgewock. Mu 1722 analanda bokosi lake la makalata pamodzi ndi dikishonale ya chinenero cha Abenaki imene ankalemba, yomwe lero ili ku Harvard. Mu Ogasiti 1724 anabweranso ndi asilikali pafupifupi 200, kupha Rale ndi anthu ambiri, ena akuwomberedwa pamene ankayesa kuwoloka mtsinje, amayi ndi ana omwe. Koma kumadzulo Gray Lock, mtsogoleri wa ankhondo a ku Missisquoi, anapitiriza kuvutitsa midzi ya Massachusetts monga Northfield ndi Rutland. Fort Dummer inamangidwa mu 1724 pofuna kumutchinga, osaphula kanthu. Sanagwidwe, ndipo sanasaine pangano.

Ngakhale amene anasaina sanavomere zonse. Loron, mneneri wa a Penobscot, anadandaula mu 1727 kuti zolembedwa m'Chingerezi zikuti iye anagonjera mfumu ya England, chonsecho sananene zimenezo.

Kodi nkhani zosenda khungu la pamutu n'zoona?

N'zoona, ndipo mbali zonse zinkachita. A Abenaki anapha alimi, amayi ndi ana ku York mu 1692, ku Oyster River mu 1694 ndi m'malo ena ambiri, ndipo zimenezi siziyenera kuchepetsedwa. Chimene nkhani zakale zinkabisa n'chakuti maboma a atsamunda ankalipira ndalama pa khungu lililonse. M'nkhondo ya Dummer, Massachusetts inkapereka mapaundi 100, ndipo John Lovewell anasonkhanitsa gulu losaka anthu ngati bizinesi mpaka anaphedwa ku Pequawket mu Meyi 1725. Chilengezo cha 1755 cholimbana ndi a Penobscot, cha Spencer Phips amene ankalamulira Massachusetts, chinaika mtengo ngakhale pa ana osakwana zaka 12.

Nkhani ya Hannah Duston ili ndi zowawa za mbali zonse. Anagwidwa ku Haverhill mu Malichi 1697, khanda lake n'kuphedwa m'njira. Pa kachilumba ka mu Merrimack, iye ndi anzake awiri anapha anthu 10 ali m'tulo, 6 mwa iwo ana, n'kuwasenda, n'kuthawa pa bwato la ophedwawo. Analandira mphoto, ndipo mu 1874 anamuimikira chipilala ku Boscawen. Ana 6 aja sadziwika ndi maina komwe.

Anthu ogwidwa ankatani nawo?

Ofooka panjira nthawi zina ankaphedwa. Ofika ku Canada ena ankawomboledwa ndi dipo, ena kugulidwa ndi Afalansa, ena kulandiridwa m'mabanja m'malo mwa abale amene anamwalira. John Stark, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa asilikali a America, anagwidwa mu 1752 n'kukhala ku Odanak mpaka atawomboledwa, ndipo ankanena kuti anamusunga bwino. Susannah Johnson anagwidwa ku Fort at Number 4 mu 1754, n'kubereka mwana panjira. Ku Odanak anakhala m'nyumba ya Joseph-Louis Gill, mfumu ya a Abenaki imene makolo ake onse awiri anali Angerezi ogwidwa ali ana.

N'chiyani chinachitika ku Odanak mu 1759?

Jeffery Amherst, mkulu wa asilikali a Britain, anatuma Robert Rogers ndi amuna pafupifupi 200 kukawononga mudziwo. Ananyamuka ku Crown Point pa 13 Seputembala pa maboti 17, n'kuwabisa ku Missisquoi Bay, koma Afalansa anawapeza. Atayenda masiku ambiri m'madambo, pafupifupi 140 anafika n'kuthira nkhondo m'mbandakucha wa pa 4 Okutobala. Anatentha nyumba ndi tchalitchi.

Rogers ananena kuti anapha anthu 200. Malipoti a Afalansa akuti anali pafupifupi 30, ambiri amayi ndi ana. Kusiyanaku kunamveka bwino mu 1959, pamene Elvine Obomsawin anafotokozera katswiri Gordon Day nkhani imene inasungidwa m'banja mwawo: usiku umenewo anthu ali kugule, mmodzi wa eni dziko amene anali m'gulu la Rogers anachenjeza mtsikana wina, ndipo mabanja ambiri anakabisala m'chigwa. Mkazi wa Gill anali mwa amene anatengedwa, ndipo sanabwerere.

Pobwerera, opanda maboti, anthu a Rogers anagawikana m'timagulu. Ena anaphedwa ndi owalondola, ena ndi njala. Rogers anafika ku Number 4 pa chiphaka cha mitengo kumapeto kwa Okutobala. Odanak inamangidwanso, ndipo ilipo mpaka lero.

Nkhondo zitatha, luso la khungwa linapita kuti?

France itachoka mu 1763, atsamunda anakhamukira ku Vermont, New Hampshire ndi Maine. A Abenaki anasandutsa luso lawo njira yopezera ndalama. Amuna ankaperekeza alenje ndi oyeza malo, n'kumagulitsa mabwato. Bwato la ku St. Francis (dzina lina la Odanak) linatchuka moti a Algonquin anatengera kapangidwe kake. Mabanja a ku Odanak ankapita kumalo a alendo ku White Mountains ndi ku Adirondacks kukagulitsa madengu a mtengo wa ash ndi udzu wonunkhira, komanso timabwato ta khungwa. Mfumu Joseph Laurent inatsekula msasa wotere ku Intervale mu 1884. Kwa a Passamaquoddy, Tomah Joseph anatchuka ndi zojambula za pakhungwa zosimba nthano za makolo.

Bwato lenilenilo linalowa pansi m'ma 1880, amisiri a ku Maine atayamba kukuta nsalu ya kanivasi pa nthiti za cedar, potengera maonekedwe a bwato la a Wabanaki. Mafakitale opanga timitengo tokulungira ulusi anadulanso birch wambiri.

Alipobe opanga lero? Ndingakaone kuti?

Alipo, koma ochepa. David Moses Bridges wa mtundu wa Passamaquoddy, amene anamwalira mu 2017, anathandiza kwambiri kutsitsimutsa lusoli ndi kuphunzitsa achinyamata. Vuto lalikulu ndi mitengo: birch wonenepa, wowongoka, wopanda nthambi m'munsi, woti n'kupereka khungwa limodzi la bwato lonse, ngosowa, ndipo mmisiri amatha kuyesa mitengo yambirimbiri asanapeze umodzi.

Zopangidwa zakale ndi zatsopano zikupezeka ku Musée des Abénakis ku Odanak, imene inatsekulidwa mu 1965, ku Abbe Museum ku Bar Harbor, ndi ku Hudson Museum ya University of Maine ku Orono. Wogula adziwenso kuti pali mkangano: boma la Vermont linavomereza magulu 4 ngati a Abenaki mu 2011 ndi 2012, koma makhonsolo a Odanak ndi Wôlinak amatsutsa kuti maguluwo ndi a mtundu wawo. Choncho musanagule chinthu cholembedwa kuti n'cha Abenaki, funsani dzina la mmisiri ndi mudzi umene amachokera.